Mawu a Amayi, ndi Nkhuku Zomwe

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Mwazolowera?

Ndine Tika, mwana wanu wamakutu uja. Ndakhala pansi pa mtengo wa kotapela munabzala kuseri kwa nyumba, umene chaka chino wabereka mpaka nthambi kuthyoka. Laputopu ili pambali, koma kalatayi ndikulemba ndi cholembera, chifukwa ndikudziwa kuti za pa kompyuta simunkazikhulupirira. Patha chaka ndi miyezi inayi chichokereni inu, ndipo nkhani zachuluka. Ndiyamba ndi zokoma, zanga zamanyazi zibwera pambuyo.

Choyamba, muli ndi mdzukulu. Mkazi wa alongo anga a Mabvuto anachira mvula ili pakati, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu, Esinati. Atate amamutcha mkazi wawo wamng'ono, ati mwawatumizira wolowa m'malo. Mphuno ndi ya bambo ake, koma kukhosi ndi kwanu ndithu. Akayamba kulira kunyumba kwa a Mabvuto, ife timamva tili kukhola.

Chimanga chachita bwino, nkhokwe yadzaza. Mtedza wokha ndiwo watichititsa manyazi. Tinabzala mochedwa chifukwa panalibe wotidzutsa ndi mawu aja akuti mvula sidikira waulesi, ndiye tangopeza wokazinga basi. Mapuloti a ku Silverest nawo akusendera kuno ku Palabana mwezi ndi mwezi. Pomwe panali munda wa a Zulu paima nyumba ya mpanda wautali, ndipo mwini wake, bambo wogwira ntchito m'boma ku Lusaka, m'mawa amadandaula za fungo la khola lathu, madzulo n'kubwera ndi chigubu kudzagula mkaka. Atate amangomuthirira basi. Mukadakhala inu akadamva zake.

Kusukulu ndili chaka chachitatu tsopano, ndipo Amayi, ndikukondwa. Sindinadziwe kuti munthu angadzuke m'mawa n'kumathamangira kalasi. Tikuphunzira kujambula mawu, kuwakonza ndi kuwasakaniza kuti nyimbo ituluke nyimbo. Tikuphunziranso kupanga phokoso la m'mafilimu, ndipo apa mukadaseka. Munthu akathyoka mwendo pa filimu, dziwani kuti wina mu situdiyo wathyola karoti pafupi ndi maikolofoni. Tsiku lina anatiuza kuti tipange mvula. Anzanga a m'tauni anayamba kufufuza pa intaneti, ine ndinangopempha lichero ndi mpunga n'kuyamba kupeta pang'onopang'ono monga munandiphunzitsira. Aphunzitsi athu, Ba Chanda, anatseka maso n'kunena kuti akumva fungo la dothi lonyowa. Tsiku limenelo ndinayenda ngati yunivesite yonse ndi ya bambo anga.

Atate okha ndiwo sanamvetsebe chomwe ndikuphunzira. Kogulitsira mkaka amauza anthu kuti, “Mwana wanga aphunzila vokonza mawailesi.” Tchuthi chathachi munthu wina anabwera ndi wailesi yakufa atayikulunga m'chitenje, ndipo anabwerera akupukusa mutu kuti ndalama za a Phiri zikungopita m'madzi. Ndimakumbukira tsiku lomwe ndinakuuzani awirinu kuti unamwino sindiufuna. Atate anagwetsa nkhope ngati pagwa maliro, inu n'kunena kuti, “Musiyeni aPhiri, uyu anabadwa na makutu. Ali kamwana anali kuziba njinga yanu ikali ku mlatho.” Mawu amenewo ndi omwe ananditengera ku Lusaka.

Tsopano ndifike pa zamanyazi zija.

Mukukumbuka chaka changa choyamba, pamene anatituma kukajambula phokoso la kunyumba? Foni yanga inali itafa, ndiye ndinabwereka yanu n'kukaiika pa mtanda wa khola inu mukukama Sitolo. Ng'ombe ija munaitcha Sitolo chifukwa ati sopo, mchere ndi yunifomu zonse zimatuluka m'bere lake. Munandifunsa kuti, “Ujambula chani, mkaka?” Ndinati eya, mkaka. Munaseka n'kundiiwala, kenaka munayamba kanyimbo kanu kaja, komwe simunakamve kwa munthu, kopeka nokha: tsitsa, Sitolo, tsitsa, wako wayamwa, atsala anga. Munkati ng'ombe sikamidwa ndi manja okha, imakamidwa ndi pakamwa. Ine kusukulu ndinangopereka kachidutswa ka mkaka ukugwera mu ndowa, zinazo ndinasunga mu laputopu osaziganizira.

Mutatisiya ndi pamene ndinazindikira kuti mawu anu alipo pamenepo pokha. Zithunzi tili nazo zambiri, za kutchalitchi, za ukwati wa a Mabvuto, koma chithunzi sichilankhula. Mphindi zinayi zimenezo ndiye Amayi onse omwe makutu anga anatsala nawo.

Chiliza chanu tamanga, ndipo mwambo wochivundukula uli mwezi wamawa. Abale a ku Katete alonjeza kubwera ndi basi yonse. Pokonzekera, ndinaimirira pamaso pa banja n'kunena kuti tsiku limenelo ndidzakuimbitsani inu eniake. Atate anakweza mutu n'kufunsa ngati n'zotheka. Ndinati n'zotheka, ndiyo ntchito yanga. Mumtima ndinati apa ndi pomwe aone kuti mwana wawo sakonza mawailesi.

Masabata atatu ndinakhala nanu mu situdiyo ya kusukulu, mahedifoni kumakutu. Pa kompyuta pali zida zosefera mawu monga munkasefera ufa, ndipo ine ndinali nditangoziphunzira kumene, manja akuyabwa. Ndinayamba ndi mphepo, ikumveka phuu pa maikolofoni. Ndinaichotsa. Kenaka nkhuku ina yomwe inkatetera ngati yaikira dzira lagolide, ndinaichotsa. Belu la njinga kumsewu, kathole kakulira, mkaka ukugunda ndowa, pamene munatsokomola, pamene munakoka mpweya, zonse ndinasesa. Kumapeto kunali pomwe munasiya kuimba n'kuyamba kukalipira Atate, ndinati izi si zoti alendo amve, ndinadula.

Ndikadalekera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma Amayi, tinene zoona, munkaimba mokhota. Kukwaya ya amayi sankakuikani mzere wakumbuyo chifukwa cha kutalika, paja munali wamfupi. Ndiye ndinatenga mawu anu limodzilimodzi n'kumawawongola, lokwera kwambiri ndilitsitse, lotsika ndilikweze, mpaka onse anaima pamzere. Pansi pake ndinayala limba loziziritsa mtima, ndi kamkokomo kuti muzimveka ngati muli m'tchalitchi chachikulu. Tsiku lililonse ndinkapeza china chokometsera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Anzanga atamva anawomba m'manja. Wina anafunsa ngati mayi ameneyu anatulutsapo chimbale. Ine mutu unakula. Ndipo tsiku lina laputopu itayamba kudandaula kuti malo atha, ndinayang'ana chojambula choyambirira chija, chaphokoso, chankhuku, n'kunena kuti ichi ntchito yake yatha. Ndinachifufuta ndi chala changachi. Chonsecho lamulo loyamba lomwe Ba Chanda anatipatsa tsiku loyamba linali lakuti choyambirira sichikhudzidwa, umakopera kaye n'kusewera ndi chokoperacho. Ndinalilemba m'kope, ndinalikhoza pa mayeso. Inu mukadangoti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Loweruka lina ndinabwera kunyumba kuti Atate akhale oyamba kumva. Ndinawapeza kukhola cha m'ma folo koloko, ali pa kampando kanu akukama. Sitolo inaberekanso, ndipo kathole kake kanali komangirira pa mtanda. Chichokereni inu ng'ombe imeneyi yaumira, mkaka imapereka ngati ikuchita kukakamizidwa. Ndinaika sipika pa mpanda n'kuyatsa.

Limba linayamba, mawu anu n'kulowa, oyera, owongoka, opanda kachitsotso. Ine ndinkayang'ana Atate, kudikira misozi. Sitolo inangotembenuza khutu limodzi n'kupitiriza kubzikula. Nyimbo itatha, Atate anapukuta manja pa buluku n'kunena kuti:

“Aimba bwino mai uyu. Ni wa chechi iti?”

“Atate, ni Amayi.”

Sanakwiye, ndipo bola akadakwiya.

“Iyai mwana wanga. Amako sanali kuimba so. Uyu aimba monga sanagwilepo ndowe. Nanga nkhuku zili kuti? Amako sanaimbepo palibe nkhuku. Niikile chabe yamene unajambula ija, namvele mkazi wanga.”

Ndinati ndayisiya kusukulu, bodza lenileni, pamaso pa bambo anga. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira monga sindinalire ngakhale pa maliro anu. Matenda anatilanda thupi lanu, koma mawu anu ndinawataya ine, mwana wophunzira, ndi manja anga. Ndinamveranso nyimbo yanga ija ndili pomwepo ndipo Atate sananame. Munalibemo.

Chiyembekezo chinatsala pa foni yanu. Tsiku logawa zovala zanu, foniyo inagwera mng'ono wanu, amayi aang'ono a Zelipa, omwe akugulitsabe tomato ndi anyezi pa msika wa Chongwe. Ndinaopa kuwaimbira, chifukwa nkhani yoipa ya pa foni imabwera msanga. Lolemba ndinajomba kalasi, ndinapalasa njinga ya a Mabvuto mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limodzi lokha, ndipo mayi yemwe ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati ndikupita kuchipatala.

Ndinawapeza akuunjika tomato. Atandikumbatira ndi kundinena kuti ndaonda, ndinafunsa za foni.

“Foni ija? Inafa kudala. Inagwela mu dilamu ya manzi.”

Ndinakhala pa thumba la anyezi.

“Nanga kakhadi kamene kanali mukati?”

Anayamba kukonza mulu wa tomato womwe unali wokonzeka kale.

“Ukafunila chani?”

Ndinawauza zonse, osabisa. Amayi, mng'ono wanu anaseka mpaka kugwira m'nthiti, anthu ogula kumatembenuka.

“Wachosa nkhuku? Zaka zitatu ku yunivesiti, uphunzila kuchosa nkhuku? Na kukhota kwa Esinati wawongola? Ise tinakangiwa kuchokela ku Sande sukulu!”

Atapukuta misozi anaweramira pansi pa tebulo n'kutulutsa kawailesi kofiira, kaja kolowetsa khadi, komangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Anati foni itafa anachotsa kakhadiko n'kupita nako kwa munthu woika nyimbo pa msikapo kuti awaikire makwaya. Munthuyo anati muli chinthu china chaphokoso chokhachokha, ng'ombe ndi nkhuku, achifufute. Iwo anati ayambe amva. Atamva anamugwira dzanja.

“Ninamuuza ati ukagwilako chabe, uzaona chamene chinapangisa Zelipa kusiya sukulu.”

Ndinafunsa chifukwa chomwe sanatiuzire chaka chonsechi. Apa kuseka kunatha.

“Ninayopa, Tika. Ninaganiza ati mukaziba muzanipoka. Olo bantu bazayamba kukamba ati Zelipa asunga mau ya muntu wakufa, afuna chani. Koma ni mukulu wanga. Nikamumvela, siku iyenda.”

Kawailesiko kamaimba nyimbo motsatana, ndiye makwaya akatha mumabwera inu, tsiku lililonse, nthawi zina kawiri. Anadina kangapo, ndipo mwadzidzidzi ndinamva mphepo, phuu, kenaka nkhuku ija. Sindinaganizepo kuti ndingakondwere ndi nkhuku chotero. Mayi wogulitsa kapenta pafupi nawo anakweza mutu n'kunena kuti, “Ba Esinati bafika,” ngati kuti mwangotsika minibasi. Ndipo mutayamba tsitsa, Sitolo, tsitsa, amayi atatu a mzere umenewo anakuvomerani, akukhota pomwe inu mukukhota. A Zelipa anandinong'oneza kuti iwo amakonda kwambiri kumapeto, pokalipira alamu awo paja.

Ndiye onani, Amayi. Chaka chonsechi ife tikukulirani ku Palabana, inu muli pa msika wa Chongwe mukugulitsa tomato.

Ndinatsegula laputopu pa mawondo pomwepo n'kukopera. Ndinakopera katatu, m'malo atatu, a Zelipa ataima pamutu panga ngati wapolisi, ndipo kakhadi kawo ndinawabwezera m'manja. Anandipatsa tomato wodzaza pulasitiki n'kunena kuti ndikauze alamu awo kuti akuwapatsa moni. Sindinabwerere ku Lusaka tsiku limenelo, ndinalunjika kunyumba.

Ndinafika nthawi yokama. Atate anadabwa kundionanso, poti ankaganiza kuti ndabwerera kusukulu, ndipo ndinawauza zoona zonse, za kufufuta ndi za bodza lija. Anangoti, “Manje wabwela nayo?” Ndinati eya. Anati, “Ika.”

Sindikunamizani kuti Sitolo inatsitsa ndowa ziwiri. Ng'ombe ndi ng'ombe. Koma inaleka kubzikula n'kuimika makutu onse awiri. Atate anapitiriza kukama, mutu atatsamiritsa pa mimba ya ng'ombe, moti nkhope sindinkaiona. Mkaka wa mu sipika unkagunda ndowa yanu, wawo unkagunda yawo, ndipo posakhalitsa manja awo anagwirizana ndi anu. Munatsokomola. Munakoka mpweya. Munakwera pomwe nyimbo imafuna kutsika, monga mwa nthawi zonse. Ine ndinaima pa mpanda ndikumva chilichonse chomwe ndinasesa chija, ndipo chilichonse chinali inu.

Kenaka nyimbo inaduka pakati, mawu anu n'kutuluka akuthwa:

“Imwe aPhiri! Mwaimilila chabe monga mtengo wa malaiti! Gwilani kathole ako, kazasiliza mkaka wa bana!”

Amayi, Atate anadzambatuka pa kampando. Ndowa anaisiya pomwepo. “Namvela, amake Mabvuto, namvela,” anatero akuthamangira kathole, ndipo nthawi yomweyo mu sipika munatuluka mawu awo a zaka ziwiri zapitazo akunena zomwezo, liwu ndi liwu. Anazindikira atagwira kale chingwe, cha kathole komwe kanali komangirira bwinobwino pa mtanda. Mu sipika inu munaseka, kuseka kwanu kuja kothera m'mphuno, ndipo chojambula chinathera pomwepo.

Anaima chingwe chili m'manja. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka atatembenuka. Zinali zonse ziwiri. Anavula chipewa n'kupukutira kumaso.

“Akali kunituma,” anatero. “Bwezela futi.”

Ndinabwereza kanayi. Sitolo inatopa nafe n'kukankha ndowa, mkaka wonse pansi, ndipo palibe yemwe anadandaula. Ndinawafunsa ngati pa chiliza ndidule kumapetoko, poti padzakhala abusa ndi apongozi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

“Osachosako kantu. Na nkhuku zonse. Bantu bamvele mwamene ninali kukhalila bwino.”

Ndiye konzekani, Amayi. Mwezi wamawa, pamaso pa abusa, abale a ku Katete ndi amayi a kukwaya omwe ankakuikani kumbuyo aja, mudzaimba nokha kutsogolo, ndipo mukatha mudzakalipira amuna anu mudzi wonse ukumva. Iwo akuti adzavala jekete.

Ndakusowani kwambiri, ndipo ndimakukondani monga munalili. Ndikulonjeza kuti sukuluyi ndimaliza, ndipo ndidzakonza mawu a anthu ambiri, chifukwa ndiyo ntchito yanga ndipo ndimaikonda. Koma anu sindidzawawongolanso.

Ndine mwana wanu,
Tikambenji